Funsani Alangizi: Nthambi yonenepayo si mandimu amene munagula

Mvula ikangogwa kawiri katatu mitengo imadzuka, ndipo makalata ofunsa za mandimu nawo amadzuka. Mwezi uno ndasankhapo anayi. Yoyambayo ndikhalitsapo, chifukwa cholakwa chimene banja ili latsala pang'ono kuchita ndinachichitapo ine ndemwe, satifiketi ya ulangizi ili m'chikwama.

Funso: Alangizi, ndimakhala ku Area 49 m'nyumba ya lendi, ndipo pabwalo ponse eni nyumba anathira simenti. Mu Januwale chaka chino ndinagula mbande ya mandimu kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Anandiuza kuti ndi yokwatitsa, ya mtundu wa Eureka, ndipo ibereka msanga. Ndinaibzala m'chigubu cha malita 20 chimene ndinadula pamwamba n'kuboola kunsi. Inkakula pang'onopang'ono, koma kuyambira Okutobala patuluka nthambi ziwiri pafupi ndi dothi. Zikukula ngati zikuthamangitsidwa, zili ndi minga italiitali, ndipo imodzi yapitirira kale kamtengo kenikeniko. Bambo a kunyumba akuti ndisazikhudze chifukwa ndiyo mbali yathanzi, mwinanso tidule kamtengo kakale kaja kuti izi zikule bwino. Ine mtima ukukana. Tichite chiyani? Ndine mayi wa ku Area 49.

Yankho: Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona. Abambowo muwaphikire tiyi, muwakhazike pansi, koma mpeni musawapatse kaye. Sindikuwanena ayi, nthambi yonenepa imanyenga aliyense. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Gwadani pafupi ndi chigubucho muyang'ane thunthu kuchokera pa dothi kukwera m'mwamba. Penapake, nthawi zambiri pakati pa masentimita 10 ndi 20, mupeza pamene thunthu lapindika pang'ono ngati kabondo, kapena pali chipsera, kapena khungwa lasintha maonekedwe. Pamenepo ndi pamene anakwatitsira. Mtengo wanuwo ndi mitengo iwiri. Kuyambira pa kabondo kutsika mpaka kumizu ndi mtengo womera kuchokera ku njere. Kuyambira pa kabondo kukwera ndiye Eureka amene munaperekera ndalama zanu. A nazale ambiri kuno amafesa njere za mandimu akumudzi aja a khungu lokhuthala ndi lokhakhala, amene m'mabuku amawatcha rough lemon, chifukwa njere zake sizisowa, zimamera msanga, ndipo mizu yake imapirira chilala. Mbande ikanenepa ngati pensulo amacheka khungwa lake ngati chilembo cha T, n'kulowetsamo diso limodzi (kotupa kaja pamene pamaphukira nthambi) lochotsedwa ku mtengo wobereka kale, n'kumanga ndi kapulasitiki. Pakatha masabata atatu kapena anayi diso lija limakhala litagwira. Amadula mutu wa mbande, disolo limaphuka cham'mbali kenako n'kuwongoka. Kabondo kaja kanabadwa choncho.

Ife a Chigawo cha Pakati sitivutika kumva zimenezi, poti chikamwini timachidziwa. Eureka wanuyo ndi mkamwini. Anachokera kwina, akudya za pamudzi pa eni ake, ndipo tinamuitanira ntchito imodzi yokha, yobereka zipatso zabwino. Mizu ndi ya eni mudzi. Tsono eni mudziwo sanaiwale kuti anali mtengo paokha asanadulidwe mutu. Pa thunthu lawo pali maso ogona, ndipo akangopeza mpata amadzuka. Mphukira zimenezo zili pafupi ndi mizu, madzi ndi chakudya zimayamba kulandira ndizo, mkamwini n'kumadya zotsala. N'chifukwa chake zikunenepa pamene kamtengo kapamwamba kaima. Mukazisiya chaka chimodzi kapena ziwiri mkamwini amayamba kufota, tsiku lina mudzangopeza wauma, wasudzulidwa popanda mlandu.

Izi si za m'buku zokha. Ndikugwira ntchito ku Mitundu zaka za m'ma 1990, ndinabwera kunyumba ndi mbande ya malalanje a Washington navel, aja opanda njere, ndili wonyada ngati ndagula njinga. Mbuzi ya aneba inadya mutu wake. Patapita masabata ochepa panatuluka nthambi yamphamvu, yobiriwira bwino, ya masamba akuluakulu, ine n'kuti mtengo wachira. Sindinagwade kuti ndione pamene yatulukira. Ndinaithirira, ndinaimangira mpanda, ndinaidikira zaka zisanu. Itabereka zinali zimandimu za khungu ngati msana wa chule. Mpaka lero mayi a kunyumba akaona mandimu otere pamsika wa Wakawaka amanditsina n'kunena kuti, “Bambo, malalanje anu aja si awo.” Anthu ambiri amene amadandaula kuti anagula malalanje kapena manachesi koma akukolola mandimu sananamizidwe ndi wogulitsa. Analera mphukira.

Mwina mwamvapo kuti mphukira yapansi imadziwika ndi masamba, kuti imakhala ndi timasamba titatu pa phesi limodzi ngati nyemba. Zimenezo n'zoona pokhapokha tsinde likakhala la mtundu wa trifoliate kapena ana ake monga Troyer ndi Carrizo, amene amagwiritsidwa ntchito m'minda ikuluikulu ngati ya ku South Africa. Koma Eureka sagwirizana ndi mitundu imeneyo. Akawakwatitsa, pakapita zaka pachilumikizo pamalephera. Choncho Eureka kawirikawiri amakhala pa mandimu anzake, ndipo tsamba la mphukira limafanana ndi la pamwamba, ngakhale mutalifikisa m'manja fungo lake ndi la ndimu lomwelo. Minga imathandizako pang'ono. Eureka ali ndi minga yochepa, yaifupi, pamene mphukira yapansi imabwera ndi minga ngati singano zosokera matumba. Koma mboni yosanama ndi malo. Chilichonse chotuluka kunsi kwa kabondo, kapena chotumphuka m'dothi, si chanu.

Mphukira ikakhala yanthete, yosapitirira chala, sifuna chida. Mukaikankhira pansi ndi chala chachikulu imathothoka yonse pamodzi ndi diso lake, bala n'kupola masiku ochepa. Zanuzi zakhwima kale, ndiye musazikadzule, zingang'ambe khungwa mpaka pansi. Tengani mpeni wakuthwa, muupukute ndi madzi othira Jik, chifukwa matenda ena a mandimu ndi malalanje amayenda pa mpeni kuchoka mtengo wina kupita wina. Dulani pafupi penipeni ndi thunthu, osasiya kachitsa. Pa kachitsa ka masentimita 2 okha pamatsala maso, ndipo pamene panali mphukira imodzi mudzapeza zitatu. Ngati ina ikuchokera m'dothi, fukulani pang'ono ndi zala mpaka muone pamene yagwira muzu kapena tsinde, mudule pomwepo, mubwezere dothi. Sankhani tsiku lopanda mvula, m'mawa, kuti bala liume dzuwa lisanalowe. Musamatepo dothi, ndowe kapena oyilo wa galimoto monga ena amachitira. Bala loyera limadzipolera lokha.

Mukadula zonse ziwiri kamtengo kadzaoneka komvetsa chisoni, ndipo abambo adzakuyang'anani ndi diso lija lakuti ndinanena ine. Pirirani. Chakudya chimene chimathera m'mphukira chiyamba kukwera, ndipo popeza tili m'nyengo ya mvula, pakatha mwezi kapena mwezi ndi theka muona timasamba tatsopano tofiirira kunsonga. Kuyambira pamenepo muzisisita thunthu sabata iliyonse, chifukwa eni mudzi sagonja kamodzi. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira amayesabe. Mtengo wapamwamba ukakula n'kuphimba thunthu ndi mthunzi, amatopa okha.

Mwati zinayamba mu Okutobala, ndipo sindikudabwa. Mphukira zimakonda kutuluka mtengo wapamwamba ukavutika, kaya wasowa madzi, wadyedwa, wathyoka kapena wadulidwa mopyola. Chigubu cha pulasitiki chili pa simenti m'dzuwa la Okutobala la kuno ku Lilongwe chimatentha moti mizu ya m'mbali imapsa. Chikwezeni pa njerwa ziwiri kapena zitatu, ndipo mbali yoyang'ana dzuwa la masana muikute ndi chisaka kapena katoni. Dzuwa liziwomba masamba, osati chigubu.

Pali nthambi inanso imene imasokoneza anthu. Imatuluka pamwamba pa kabondo, koma nayo imathamanga molunjika kumwamba, ili ndi minga, masamba aakulu, ndipo mukaigwira si yobulungira, ili ndi ngodya. Imeneyo ndi Eureka ndithu, yangoledzera chakudya. M'munda nthawi zina ndimaisiya ngati ikutseka mbali imene inalibe nthambi, n'kuidula nsonga kuti ichite mphanda. M'chigubu malo ndi ochepa, ndiye ikakhala pakati pa mtengo kapena ikapingasa zinzake ndimachotsa. Chimene mukufuna ndi thunthu limodzi lopanda nthambi mpaka masentimita 40 kapena 50, kenako nthambi zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana. Kupitirira apo mandimu safuna kumetedwa ngati mpanda wa maluwa.

Ukachita maluwa chaka chino, poti Eureka amachita maluwa pafupifupi chaka chonse, limbani mtima muthothole tizipatso toyambato kuti mphamvu zipite ku nthambi. Musiye kamodzi kokha koti mudzawaonetse abambo.

Ngati mutagwada mwapeza kuti kamtengo kapamwamba kauma kale (kandani khungwa ndi chikhadabo, lamoyo limakhala lobiriwira mkati), chigubu musataye. Siyani mphukira imodzi yowongoka, muwerenge zimene ndamuyankha mnyamata wa kalata yotsatirayi, chifukwa mankhwala ake ndi amodzi.

Funso: Agogo, ine ndine mnyamata wa ku Chinsapo. Mu 2021, nthawi imene aliyense ankasaka mandimu chifukwa cha Covid-19, ndinafesa njere m'chitini kuti ndizikhala ndi angaanga. Pano mtengo uli m'theka la dramu, wandipitirira msinkhu, minga tho, koma duwa ngakhale limodzi. Chaka chilichonse ndimaudula mutu kuti usatalike. Anzanga akuti ndikhomepo msomali kapena ndiuteme ndi chikwanje kuti uchite mantha. Kodi kapena ndi wamwamuna ngati mmene amakhalira mapapaya?

Yankho: Mdzukulu wanga, mandimu alibe aamuna ndi aakazi, duwa limodzi limakhala ndi zonse ziwiri. Msomali usunge, udzakhomere khola la nkhunda. Mtengo wakowo si wosabereka, ndi mwana chabe, ndipo amene akuubwezera ku ubwana ndiwe wemwe.

Mtengo wa njere nawo umatha msinkhu, koma suwerenga zaka ngati ife. Umawerenga mfundo, ndiye kuti masamba amene watulutsa motsatizana kuchokera pansi kukafika kunsonga. Mfundo zikakwana, nthambi zakunsongazo ndizo zimayamba maluwa, ndipo minga pa nthambi zimenezo imachepa. Tsono iwe chaka ndi chaka ukudula mbali yomwe yatsala pang'ono kukhwimayo, mtengo n'kuyambiranso kuwerenga pamene wadulapo. Mandimu a njere osadulidwa, ali pansi m'munda, amatenga zaka zisanu kapena kuposerapo. M'dramu momwe mizu yapanikizika amachedwa kuposa apo. Kutema khungwa kumene anzakowo akunena kuli ndi kachoonadi. Alimi ena amacheka khungwa mozungulira nthambi kuti chakudya chisatsikire kumizu, ndipo mtengo wokhwima umachita maluwa ambiri. Pa mtengo wosakhwima umangopatapo bala, ndipo bala la chikwanje m'nyengo ya mvula ndi polowera matenda.

Ukhoza kuleka kudula n'kudikira. Ngati kutalika kukuvuta, nthambi zitalizo uziweramitse n'kuzimanga ndi chingwe m'malo mozidula. Koma ndikanakhala ine ndikanaukwatitsa, chifukwa uli kale ndi chimene a nazale amachivutikira chaka chathunthu, mizu yokhazikika. Pita kwa munthu amene ali ndi mtengo wobereka bwino, wa masamba obiriwira mofanana opanda mawanga, upemphe kanthambi kobulungira, konenepa ngati pensulo, kochokera mbali imene ikubereka. Udule masamba usiye timapesi, ukakulunge m'nyuzipepala yonyowa, ndipo ntchito uigwire tsiku lomwelo kapena mawa lake. Diso lochokera ku mtengo wokhwima limakumbukira msinkhu wake. Ngakhale uliike pa mwana, limabereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Nthawi yabwino ndi pamene mtengo uli pa kukula, khungwa likusendeka mosavuta, osati mu Juni ndi Julayi pamene wagona ndi chisanu. Dzanja la ntchitoyi siliphunziridwa papepala. Pita ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kapena ukakhale tsiku limodzi ndi munthu wa nazale wodziwa, umugulire Fanta. Maso oyamba udzaononga, usakhumudwe, uike angapo pa nthambi zosiyana.

Ukapeza diso la Meyer, usalisiye. Ndi mtundu umene umakhala bwino m'chidebe chifukwa sukula kwambiri. Unachokera ku China. Frank Meyer, wofufuza mbewu wa boma la America, anaupeza pafupi ndi Beijing mu 1908 anthu akuubzala m'miphika momwemo. Zipatso zake n'za khungu lopyapyala, madzi ambiri, zosawawasa kwambiri. Amene amafuna ndimu yoluma pa chambo amati ndi yofooka. Ine pa tiyi ndimaikonda.

Funso: Alangizi, ndine bambo wopuma pantchito wa ku Area 18. Mandimu anga ali mumphika waukulu wa simenti pakhonde. Ndimathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya, kawirikawiri ndi madzi otsala pochapa kuti bilu isakwere. Masamba akuchita chikasu n'kumayoyoka, ndipo pansi pa thunthu pakutuluka utomoni. Ndinathirako phulusa ndi feteleza wa chimanga koma palibe chikusintha.

Yankho: Achimwene, mtengowo sukufa ndi njala kapena ludzu. Ukumira.

Mizu ya mandimu imapuma mpweya, ndipo dothi likakhala chinyowere usana ndi usiku timizu tating'ono timene timamwa madzi timawola. Choipa n'chakuti mtengo wowola mizu umaoneka ngati waludzu, masamba kufota, mwini wake n'kuwonjezera madzi. Utomoni umene mukuuona pansi pa thunthu ndi chizindikiro cha matenda owoletsa tsinde, amene amayamba ndi tizilombo ta m'dothi totchedwa Phytophthora, tokonda chinyontho chosatha. Yambani ndi kupendeketsa mphikawo muone kunsi. Miphika yambiri ya simenti ili ndi kabowo kamodzi, ndipo kamatsekeka ndi mizu kapena dothi. Katseguleni ndi chitsulo, ngati n'kotheka muboole ena, mphika muukweze pa njerwa. Kenako fukulani dothi lozungulira thunthu mpaka mizu yoyamba yapamwamba ionekere pang'ono. Ambiri amabzala mozama, ena mpaka kukwirira kabondo kaja, pamene mtengo uyenera kukhala pa mlingo womwe unali m'chubu cha ku nazale. Khungwa lowola lipaleni ndi mpeni woyera mpaka pamene pali lamoyo, pakhale pouma, ndipo mukapeza mankhwala a kopa aja alimi a tomato amapopera, sungunulani pang'ono akhale ngati phala mupakepo. Ngati kuwolako kwazungulira thunthu lonse, ndisakunamizeni, mtengowo wapita.

Kuthirira sikuyendera kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, bwererani ndi ndowa yanu. Mukapeza pouma, thirirani kwambiri mpaka madzi atuluke kunsi, kenako mulekenso. Mu Okutobala ndi Novembala zingafune tsiku lililonse kapena kudumphitsa limodzi, mu Juni ndi Julayi kamodzi kapena kawiri pa sabata. Ndipo pakhondepo dzuwa limafika maola angati? Mandimu amafuna maola 6 kapena kuposa, ndiye ngati khonde lanu ndi la mthunzi, itanani adzukulu akuthandizeni kuukokera pabwalo, kutali ndi pamene madzi a padenga amagwera. Pamenepo mu Januwale ndi Febuluwale mwina simudzathirira n'komwe.

Za bilu ndikuzimva, tonse tikulira nayo. Koma sopo waufa ali ndi mchere wambiri wa sodiyamu. M'munda mvula imautsuka, pamene mumphika umangounjikana n'kumaotcha nsonga za masamba. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi abwino. A thovu apite ku kapinga.

Phulusa lekani. Mandimu amakonda dothi la pH (muyeso wa kuwawasa kwa dothi) ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo phulusa limaikweza. Ikakwera, ayironi ndi zinki zimakhalamo m'dothi koma mizu imalephera kuzitenga. Mudzadziwira masamba anthete akunsonga, achikasu koma mitsempha yake yobiriwira. Akakhala masamba akale apansi amene achita chikasu thupi lonse, ndi njala ya nayitrojeni. Akachita chikasu m'mbali n'kutsala pobiriwira pooneka ngati mutu wa mkondo kumunsi kwa tsamba, ndi magineziyamu, ndipo supuni yaing'ono ya Epsom salt (mchere wa magineziyamu) m'malita 5 a madzi imathandiza. Koma zonsezi mudzaziyang'ane mizu itachira. Mtengo wodwala mizu feteleza amangouotcha.

Ukachira, muziudyetsa pang'ono koma kawirikawiri. Pa thumba la feteleza muziwerenga manambala. Wa chimanga wakale uja wa 23:21:0+4S nambala yachitatu ndi 0, kutanthauza kuti mulibe potaziyamu, amene mtengo wa zipatso umamufuna kwambiri. D Compound amene alimi a fodya amamudziwa ali naye. Kumphika wa malita 20 mpaka 40, chitsekerero cha botolo la Fanta chimodzi kapena ziwiri pa mwezi n'chokwanira, mwezi uno D Compound, wamawa CAN, kuwaza m'mbali mwa mphika kutali ndi thunthu, pa dothi lonyowa kale, kuyambira Seputembala mpaka Epulo. Yureya ndi waukali, pa makilogalamu 100 alionse 46 ndi nayitrojeni, ndipo mumphika dzanja likangolemera pang'ono masamba amapsa.

Mukafuna kusintha dothi, musatenge katondo yekha wa pabwalo kapena makande a kudambo, mumphika amagwirana ngati njerwa. Ine ndimasakaniza ndowa imodzi ya dothi lakuda la pansi pa mitengo, imodzi ya mchenga wokhakhala wa kumtsinje, imodzi ya manyowa a ng'ombe kapena a mbuzi owola mpaka osanunkha. Makoko a mtedza owolerana, amene kuno kwathu sasowa, amapepukitsa dothi bwino. Miyala yoyala pansi pa mphika imene tinaphunzitsidwa kale ija sithandiza madzi kutuluka. Chothandiza ndi mabowo.

Funso: Bambo alangizi, mwana wanga wa Sitandade 6 ndi amene amasamala kamtengo kathu kuno ku Kawale. Akuti ndikufunseni. Masamba anthete akudyedwa usiku umodzi wokha, pamasamba pali tinthu ngati zitosi za mbalame koma timayenda, ndipo masamba ena atuluka tizotupa ngati nthomba.

Yankho: Mayi, mumuuze mwanayo kuti ali ndi maso a mlimi. Zitosi zoyendazo ndi mbozi za gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu amene amazungulira mitengo ya mandimu masana. Zikakhala zazing'ono zimabisala pofanana ndi chitosi kuti mbalame zizizilambalala. Zikakula zimasanduka zobiriwira, ndipo ukazikhudza zimatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira tonunkha. Siziluma. Pa kamtengo kamodzi kugula mankhwala ndi kungotaya ndalama. Azizitola ndi manja m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, ayang'anenso timazira tobulungira ngati njere za mawere pa nsonga zanthete, azitiphwanya.

Tizotupato ndi nkhani ina. Atembenuze tsamba, apeza kuti kunsi kwa chotupa chilichonse kuli kadzenje. M'menemo munakhala kamwana ka kachilombo kotchedwa psylla, kamene kamakonda malo okwera ndi ozizirirapo. Zotupazo pazokha sizipha mtengo, tsamba limangoipa maonekedwe. Choopsa n'chakuti kachilomboka kamafalitsa matenda a greening, amene alibe mankhwala. Masamba amachita mawangamawanga achikasu osafanana mbali ziwiri za tsamba, zipatso zimakhala zazing'ono, zopendekera mbali imodzi, zowawa. Choncho nthawi imene mtengo ukutulutsa masamba atsopano azipopera kunsi kwa masamba ndi madzi a sopo, supuni yaing'ono ya sopo wamadzi wotsukira mbale pa lita imodzi, madzulo dzuwa litapepa, kamodzi pa sabata. Madzi omwewo amaphanso nsabwe za m'masamba. Akaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa thunthu azitsatire, kumene zikupitako kuli nsabwe kapena tizilombo tomatirira ngati nkhanambo. Timatulutsa timadzi totsekemera timene nyerere zimakonda, ndipo pa timadzi timeneto ndi pamene pamamera zakuda zija zodetsa masamba ngati mwaye.

Poti adzakhala atagwada kale pamenepo, ayang'anenso kunsi kwa kabondo. Akapeza kobiriwira kakusuzumira, akakankhe ndi chala.